Wokonza makina amene analowetsa magemu m'thumba

M'chaka cha 1966, bwana wa kampani ina ya mumzinda wa Kyoto ku Japan ankayendera fakitale yake ndipo anapeza wantchito wina akuseweretsa chinthu chimene sichinali pa ntchito yake. Chinali ngati mkono wa tindodo tolumikizana mopingasa. Ukafinya zogwirira zake, mkonowo unkatalika n'kukatola chinthu chimene chili poteropo. Wantchitoyo, Gunpei Yokoi, anali atalembedwa chaka chapitacho kuti azikonza makina opangira makadi akawonongeka. Makinawo sankawonongeka kawirikawiri, ndiye nthawi inkamuchulukira, manja n'kumayabwa. Atamuitanitsa ku ofesi, iye ankangoti lero ndakalipiridwa basi. Koma bwanayo, Hiroshi Yamauchi, anamuuza kuti akachikonze bwino chinthucho kuti chilowe m'masitolo Khirisimasi isanafike.

Anachitcha Ultra Hand, ndipo anagulitsa zoposa 1 miliyoni. Kampaniyo ndi Nintendo, imene lero dzina lake likatchulidwa anthu amaganiza za Mario ndi magemu a pa TV.

Nthawi imeneyo kampaniyi inali itakalamba kale. Anaiyambitsa ndi Fusajiro Yamauchi m'chaka cha 1889, ndipo ntchito yake inali yopanga pamanja makadi otchedwa hanafuda. Amakhala 48 mu paketi, ojambulidwa maluwa ndi mitengo ya miyezi 12 ya pachaka. Makasitomala odalirika anali otchova juga, amene akuti ankakonda kutsegula paketi yatsopano pafupipafupi poopa kuberedwa ndi makadi oikidwa zizindikiro. Hiroshi, chidzukulu chachikulu cha m'banjamo, anatenga utsogoleri mu 1949 ali ndi zaka 21 zokha, atasiyira panjira maphunziro a zamalamulo ku yunivesite ya Waseda chifukwa agogo ake anadwala mwadzidzidzi. Mu 1959 anapangana ndi kampani ya Disney kuti azijambula Mickey Mouse ndi anzake pa makadi, ndipo makadi aja anachoka m'nyumba za juga n'kulowa m'manja mwa ana. Komabe Yamauchi anaona kuti malonda a makadi ali ndi polekezera. Anayesa bizinesi ya matakisi, anayesanso mpunga wongothira madzi otentha, zonsezo osaphula kanthu. Mkono wa Yokoi ndi umene unamuonetsa kolowera.

Yokoi anali ataphunzira zamagetsi ku yunivesite ya Doshisha, koma sankadzitenga ngati katswiri wotulukira zinthu zatsopano. Luso lake linali lina. Ankayang'ana zipangizo zimene akatswiri anzake atopa nazo, zimene mafakitale akuzipanga zambirimbiri mpaka zatsika mtengo, n'kudzifunsa kuti kodi zimenezi munthu angasewere nazo bwanji. Mu 1969 anatulutsa Love Tester, kabokosi kokhala ndi mawaya awiri. Mnyamata agwire waya umodzi, mtsikana agwire winawo, kenako agwirane manja, muvi wa pa kabokosiko uloze kuchuluka kwa chikondi chawo. Zoona zake n'zakuti kankangoyeza mmene magetsi akudutsira pakhungu, ndiye amene ali ndi thukuta m'manja ndi amene ankaoneka wachikondi kwambiri. Koma m'dziko limene kugwirana manja pagulu kunali kochititsa manyazi, kabokosiko kanapatsa achinyamata chonamizira, ndipo kanayenda malonda. Chaka chotsatira anatenga tizipangizo togwira kuwala kwa dzuwa ta kampani ya Sharp n'kutiika pa chandamale cha mfuti yachidole yowombera kuwala.

Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya m'sitima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Yokoi ali m'sitima yothamanga ya Shinkansen, anaona bambo wina wovala suti akungodinadina mabatani a calculator yake chifukwa chosowa chochita. Nthawi imeneyo makampani monga Sharp ndi Casio ankalimbirana msika wa ma calculator mpaka timasikirini take tinafika potchipa zedi. Yokoi anaganiza zopanga kagemu kofanana kukula ndi calculator, kakuti munthu wamkulu akhoza kukabisa m'manja anzake osaona kuti akusewera. Apa tione bwino: kasitomala woyamba amene ankamuganizira sanali mwana, anali bambo wa muofesi wochita manyazi.

Game & Watch inatuluka mu Epulo 1980. Kalikonse kanali ndi gemu imodzi yokha ndiponso wotchi, mwina kuti wogula azikhala ndi poyankhira akafunsidwa kunyumba. Gemu yoyamba, Ball, inali ya kamunthu koponya mipira m'mwamba n'kumaiwakha. Zithunzi zonse zinali zojambuliratu pagalasi ngati manambala a wotchi ya pamkono, makina n'kumangoyatsa china, kuzimitsa china, diso n'kumaona ngati chinthu chikuyenda. Anagulitsa zoposa 43 miliyoni padziko lonse. Pa mtundu wina wa 1982, wa gemu ya Donkey Kong, panafunika njira yoyendetsera kamunthu kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi popanda ndodo yotuluka kunja, poti kachipangizoko kankapindidwa ngati buku. Gulu la Yokoi linaikapo batani looneka ngati mtanda, lodina ndi chala chachikulu. Mukayang'ana chogwirira cha PlayStation kapena Xbox lero, mtanda uja mudzaupeza, ngakhale aliyense amaukongoletsa mwake.

Za makina olumikiza ku TV tingodutsapo mwachangu, poti ndi nkhani ina. Famicom inatuluka ku Japan mu Julaye 1983, chaka chomwecho chimene msika wa magemu unagwa ku America chifukwa chodzaza ndi magemu achabechabe, mpaka kampani ya Atari inakakwirira katundu wake wosagulidwa kudzala la zinyalala ku Alamogordo m'chigawo cha New Mexico. Eni masitolo a ku America sankafunanso kumva za magemu. Pofika 1985 Nintendo inalowa msikawo mozemba: inasintha maonekedwe a makinawo, n'kuwagulitsa limodzi ndi karoboti kapulasitiki kotchedwa R.O.B., kuti eni masitolo aziti ndi chidole. Karobotiko kanagwira ntchito ndi magemu awiri okha, koma khomo linali litatseguka.

Pamene nzeru za Yokoi zinayesedwa kwenikweni ndi pa Game Boy, imene anapanga ndi mnzake Satoru Okada ndi gulu lawo. Inatuluka pa 21 Epulo 1989 ku Japan pamtengo wa mayeni 12,500, ndipo ku America inagulitsidwa madola 89.99. Kunena chilungamo, poiona sinkapatsa chidwi. Inali yotuwa, yonenepa, sikirini yake yobiriwira mofwifwa, yotha kuonetsa mitundu inayi yokha kuchokera kowala kufika kwakuda. Inalibe nyale mkati, choncho kukada unkafunika kukhala pafupi ndi getsi. Ubongo wake unali wa mtundu wa tizipangizo ta m'zaka za m'ma 1970. Chaka chomwecho Atari inatulutsa Lynx, ndipo mu 1990 Sega inabweretsa Game Gear, zonse ziwiri za sikirini yamitundumitundu yowala yokha mumdima. Aliyense woziika pamodzi pa shelefu akanati Nintendo yagona.

Chimene chinagamula mlandu ndi mabatire. Lynx ndi Game Gear zinkadya mabatire 6 a AA, n'kuwamaliza m'maola osapitirira asanu. Game Boy inkafuna anayi, ndipo ankatha kukhala maola 15 kapena kuposa apo. Mtengo wa Lynx unalinso pafupifupi kuwirikiza kawiri. Amene amagula mabatire ndi kholo, ndipo kholo limene lagula paketi Loweruka n'kuuzidwa Lamlungu kuti atha silichedwa kuchikweza pamwamba pa kabati chidolecho. Yokoi anakana sikirini yamitundu akudziwa zimenezi. Game Boy pamodzi ndi mng'ono wake Game Boy Color anagulitsa zoposa 118 miliyoni, pamene opikisana nawo aja anathera panjira.

Inalinso yolimba modabwitsa. Ina inapsa pamene nyumba ya asilikali inaphulitsidwa pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, pulasitiki yake n'kusungunuka mpaka kuda bii, koma ataiika mabatire inayaka, ndipo kwa zaka zambiri inkaonetsedwa ikugwira ntchito m'sitolo ya Nintendo ku New York. Ina inapita mumlengalenga mu 1993 ndi Aleksandr Serebrov wa ku Russia, amene anakakhala nayo pa siteshoni ya Mir.

Koma makina paokha sakoma popanda gemu, ndipo gemu imene inanyamula Game Boy inachokera kumene palibe akanayembekezera. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, Alexey Pajitnov, katswiri wa makompyuta pa likulu lina la kafukufuku ku Moscow, analemba Tetris pa kompyuta yotchedwa Elektronika 60. Timadutswa ta maonekedwe 7, kalikonse ka mabokosi anayi, timagwa kuchokera pamwamba, iwe n'kumatitembenuza kuti tidzaze mzere. Mzere ukadzaza umafufutika. Palibe mdani, palibe mfuti, palibe chinenero choti uphunzire. Poti munali mu ulamuliro wa Soviet Union, gemuyo inali m'manja mwa boma kudzera ku bungwe la Elorg. Mu Febuluwale 1989 wamalonda wina, Henk Rogers, anakwera ndege kupita ku Moscow popanda womuitana, n'kukapeza chilolezo choika Tetris pa makina a m'manja. Ndiyenso anakopa akuluakulu a Nintendo ku America kuti m'bokosi la Game Boy aziikamo Tetris m'malo mwa Mario, ponena kuti Mario akopa anyamata okha pamene Tetris ikopa aliyense. Sananame. Makaseti a Tetris a Game Boy anafika pafupifupi 35 miliyoni, ndipo ngakhale makolo amene anagulira ana ankasewera nawo. Pajitnov mwiniwakeyo sanalandire kanthu pa malonda onsewa mpaka 1996, pamene iye ndi Rogers anakhazikitsa kampani yawo.

Kuno kwathu Game Boy yeniyeni inali ya ana owerengeka, makamaka amene anali ndi achibale kunja. Ambiri Tetris tinaidziwira pa Brick Game, kaja kapulasitiki kotalika kochokera ku China, kamabatani achikasu, kolembedwa kuti muli magemu 9999 pamene ukafufuza umapeza ndi omwewomwewo ongosinthidwa liwiro. Kankalira mokwiyitsa, ndipo chitseko cha mabatire chikatayika tinkamanga ndi labala kapena selotepi. Akatswiri akhoza kukanyoza kuti n'kokopera, koma kanatsatira njira ya Yokoi kuposa mwini wake: sikirini ya calculator, mabatire awiri, mtengo woti ngakhale wogulitsa pa msika akwanitse kuodako.

Game Boy itayamba kukalamba, inatsitsimutsidwa ndi kachingwe kolumikizira makina awiri, kamene ambiri ankakaona ngati kongopikisanirana. Satoshi Tajiri, amene ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'tchire la kufupi ndi Tokyo, anaganiza kuti ana akhoza kumasinthana tizilombo kudzera m'kachingweko. Pokémon inatuluka mu Febuluwale 1996 m'mitundu iwiri, ndipo tizilombo tina tinkapezeka mu mtundu umodzi wokha, choncho kuti ukhale nato tonse unkayenera kupeza mnzako. Makina a zaka 7 anayambanso kusowa m'masitolo.

Yokoi naye anapunthwapo. Mu 1995 kunatuluka Virtual Boy, chipangizo choima pa miyendo chimene munthu ankasuzumiramo n'kuona zithunzi zofiira zooneka ngati zili ndi kuya. Anthu ankadandaula mutu ndi khosi, ndipo sanagulitse ngakhale 1 miliyoni. Chaka chotsatira, atamaliza Game Boy Pocket, anachoka ku Nintendo patatha zaka 31 n'kuyambitsa kampani yake yotchedwa Koto. Pa 4 Okutobala 1997 galimoto imene anakwera inachita ngozi yaing'ono pa msewu waukulu wa Hokuriku. Atatsika kuti aone zimene zawonongeka, galimoto ina inamuwomba, ndipo anamwalira ali ndi zaka 56. Chipangizo chake chomaliza, WonderSwan, chinatulutsidwa ndi kampani ya Bandai mu 1999. Chinkayendera batire limodzi lokha.

Kampani imene anaisiya inapitiriza kuyenda m'mapazi ake nthawi zambiri. Wii ya 2006 inali yofooka poiyerekeza ndi PlayStation 3 ndi Xbox 360, koma chogwirira chake chinali ndi kachipangizo kozindikira kugwedezeka, ka mtundu umene unali utatchipa chifukwa chogwiritsidwa ntchito m'magalimoto. Munthu ankangopukusa dzanja ngati akumenya mpira wa tenesi, ndipo Wii inafika mpaka m'nyumba zosungira okalamba. Anagulitsa zoposa 100 miliyoni. Mu 2018 anafika pogulitsa makatoni, pansi pa dzina la Labo: mwana apinde yekha katoni kukhala limba kapena ndodo yowedzera nsomba, alowetsemo chogwirira cha makina a Nintendo otchedwa Switch, chinthucho chiyambe kugwira ntchito. Mwana amene anapindapo galimoto ya mawaya sangadabwe ndi ntchito yamanjayo, angadabwe ndi mtengo wake, umene unali pafupifupi madola 70.

Pa nkhani ya mtengoyi ndi pamene Nintendo ya lero ikusiyana ndi ya Yokoi. Magemu otchipa a m'thumba anasamukira pa foni, kuyambira ndi njoka ija ya pa Nokia mu 1997, ndipo Nintendo inasiya kupanga makina ake a m'manja otchedwa 3DS mu 2020. Switch 2, imene inatuluka mu Juni 2025, inayamba kugulitsidwa pa madola 449.99 ku America, ndipo batire lake limafuna kutchaja pakangotha maola awiri mpaka 6 ndi theka, malinga ndi gemu imene ukusewera. Ngakhale zili choncho, m'masiku anayi oyambirira anthu anagula zoposa 3.5 miliyoni.