Phunzilo la ku Kwekwe kwa ife a m'Kuku

Ife a m'Kuku sitinaiwale 2024. Cilala cinaphwetsa Kariba, malaiti n'kumacoka mpaka maola 21 pa tsiku. Ometa tsitsi ndi owochelela zitsulo anangokhala manja lende. Muzu wa vutoli ndi wakale: kucokela pamene damu ya Kariba inatha kumangidwa mu 1959, ndi Kafue Gorge m'ma 1970, magetsi athu ambili amadalila mvula.

Tsidya lija la Zambezi kuli mbili ina. Mu 1972, kampani ya Sable Chemicals ku Kwekwe, Zimbabwe, inayamba kugawa madzi ndi magetsi kuti ipeze hydrogen yopangila feteleza. Makina ake, ma electrolyser, anali kudya magetsi ambili usana ndi usiku. Magetsi atacepa mu 2015, anazimitsidwa.

Lelo makina otele akuganizilidwa nchito ina. Pa mawaya, magetsi opangidwa afunika kulingana ndi ogwilitsidwa nchito nthawi iliyonse. Masana, pamene sola monga ya 100 MW ya ku Chisamba ipanga ambili, electrolyser ingatenge otsala n'kusunga hydrogen m'mathanki. Madzulo, mapoto a nsima akakhala pa masitovu, ingazimitsidwe, hydrogen ija n'kubwezela magetsi.

Koma tisanamizane. Mphamvu yoposa theka imataika pa njila imeneyi, ndipo makinawo ni odula. Akabwela kuno, tikumbukile za ku Kwekwe: adzidya zotsala, osati kulimbilana mbale ndi komboni.