Mtovu: chitsulo chobisala m'ziwiya za tsiku ndi tsiku

Mtovu ndi chitsulo chotuwa, chofewa koma cholemera kwambiri. Akatswiri a sayansi amaulemba ndi chizindikiro cha Pb, kuchokera ku dzina lake la Chilatini lakuti plumbum, ndipo uli pa nambala 82 pa mndandanda wa maelementi. Umasungunuka pa madigiri 327, pomwe aluminiyamu amafuna madigiri 660. Kufewa, kusungunuka msanga ndi kusadyeka ndi dzimbiri ndi zimene zachititsa kuti amisiri aukonde kwa zaka zikwi zambiri.

Mtovu wambiri padziko lapansi umathera m'mabatire a galimoto, omwe m'makomo ambiri a ku Bangwe ndi ku Machinjiri amagwiranso ntchito ndi magetsi a sola. Wina umapezeka m'chitsulo cholumikizira mawaya a mawailesi ndi marediyeta, chomwe mwa kapangidwe kakale chimakhala ndi magawo 60 a tini ndi magawo 40 a mtovu. Makiyi, maloko ndi mipopi ya mkuwa wachikasu kawirikawiri zimakhalanso ndi mtovu pang'ono, woikidwa dala kuti chitsulocho chidulike mosavuta.

Nkhawa yaikulu ili pa mapoto ndi masefuliya opangidwa posungunula zitsulo zakutha, omwe amagulitsidwa m'misika ngati wa Ndirande. Aluminiyamu payekha alibe mtovu, koma wosungunula akaphatikizamo zidutswa za injini, marediyeta kapena mbali za mabatire, mtovu umalowerera m'poto ndipo suoneka ndi maso. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 pa mapoto otere ku Cameroon anasonyeza kuti mtovuwo umasuluka pophika. Zakudya zowawasa monga matimati, chidede ndi mandimu zimafulumizitsa kusulukako, makamaka chakudya chikakhalitsa pamoto kapena chikagonera m'poto.

Ukalowa m'thupi, mtovu umatsanzira kashiyamu, motero umakhazikika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Umasokoneza kapangidwe ka magazi, umawononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Mwa ana aang'ono umawononga ubongo umene ukukula, ndipo nzeru zotayikazo sizibwerera. Mayi woyembekezera amathanso kuupatsira kwa mwana ali m'mimba. Bungwe la World Health Organisation limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza.

Dera lino la Africa laona kale kuopsa kwake. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomo oyandikana nawo likudwalitsabe ana. Maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika mu 2006. Ku Malawi, kafukufuku wa bungwe la Lead Exposure Elimination Project atapeza mtovu wochuluka mu penti ina ya mafuta, bungwe la Malawi Bureau of Standards linakhwimitsa kayezedwe ka penti kuyambira mu 2021.

Kuwiritsa madzi kapena chakudya sikuchotsa mtovu. Chomwe chimathandiza ndi kusasunga ndiwo zowawasa m'poto wa zitsulo zosungunula, kusiya kuphikira m'poto wokumbika m'kati, ndi kusaphwanyira mabatire pakhomo pamene ana amasewera. Amisiri ayenera kusamba m'manja asanadye ndi kusintha zovala asanapite kwawo. Popeza mwana wokhudzidwa amatha kuoneka wathanzi, njira yotsimikizika yodziwira ndi kuyezetsa magazi.