Chilombo Ndani? KwaThema ndi Mbiri ya Nthano Zoopsa za Okondana Okhaokha

Mawu oyamba

Nthano yoopsa siyenda popanda chilombo. M'nthano za Achewa chilombocho chimakhala chimphona chodya ana, fisi wodzisandutsa mkamwini, kapena mfiti youluka pa lichero. Omvera akamavomera kuti "tili tonse" amakhala atagwirizana kale za amene ali munthu ndi amene ali chilombo. Nkhani ino ikulondola mbiri ya anthu amene kwa zaka zambiri akhala akuikidwa kumbali ya zilombo, ndiwo amuna okondana ndi amuna anzawo komanso akazi okondana ndi akazi anzawo. Ikuonetsanso momwe alembi ena a nthano zoopsa ndi zamatsenga autembenuzira mlanduwo. Mbiriyi yagona pa KwaThema, mudzi wa m'dera la Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, chifukwa kumeneko n'komwe chitetezo, imfa ndi mabuku zidakumana.

Migodi ndi mayina

Dera limeneli, lomwe kale linkatchedwa East Rand, lidakula chifukwa cha migodi ya golide ya ku Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs. Amalawi ambiri opita ku Joni kudzera ku Wenela, kenako Teba, mpaka m'chaka cha 1988, ankagwira ntchito m'migodi ngati imeneyi. M'makomboni ankakhalamo amuna okhaokha, ndipo ena mwa akuluakulu ankatenga anyamata ngati akazi awo. M'chaka cha 1907 boma la Transvaal lidatuma Henry Taberer ndi Glen Leary kuti akafufuze za mchitidwewu, umene boma linkauona ngati nyansi yosemphana ndi chilengedwe.

Kunja kwa makomboni kunali dzina lina. M'midzi ya anthu akuda munthu wokondana ndi mnzake wofanana naye ankatchedwa isitabane, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti munthu wotere ali ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe. Motero boma ndi anthu wamba, aliyense m'chiyankhulo chake, adapeka nthano yawo yoopsa alembi asadayambe kulemba, ndipo m'nthanoyo munthu wamoyo adasanduka cholengedwa chachilendo.

Nyumba ya MaThoko

KwaThema idakhazikitsidwa m'chaka cha 1951 pamene boma la tsankho lidasamutsa anthu akuda ku Payneville, pafupi ndi Springs. Mudziwu udatenga dzina la mtolankhani ndi mtsogoleri wa ndale, Selope Thema. M'zaka za m'ma 1980 udatchuka ngati malo amene okondana okhaokha ankayenda osabisala kwambiri. Mbiri imeneyi idamangidwa makamaka pa nyumba ya Thokozile Khumalo, wodziwika ndi dzina loti MaThoko. Mayiyu ankachita malonda a shabini, ndipo achinyamata opirikitsidwa kwawo ankapeza pogona ndi chakudya pakhomo pake. Adatsata mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

M'chaka cha 1988 Simon Nkoli ndi anzake adayambitsa bungwe la GLOW, lomwe pa 13 Okutobala 1990 lidatsogolera ulendo woyamba wa Pride mu Johannesburg. Nthambi ya bungweli ya ku KwaThema inkakumana kwa MaThoko, ndipo makalata a anthu osowa owakhuthulira zakukhosi ankafikira m'bokosi la makalata la pakhomopo. Bokosilo pambuyo pake lidakaikidwa ku Apartheid Museum. Malamulo oyendetsera dziko a 1996 adaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo m'chaka cha 2006 maukwati a okondana okhaokha adaloledwa.

Zoopsa zosapeka

Dzina loti Ekurhuleni, lomwe deralo lidapatsidwa m'chaka cha 2000, limatanthauza malo a mtendere m'Chitsonga. Komatu lamulo ndi dzina sizidatchinge mpeni. Pa 28 Epulo 2008 mtembo wa Eudy Simelane, yemwe adasewerako mpira m'timu ya dziko ya Banyana Banyana, udapezeka m'ngalande ku KwaThema. Adagwiriridwa ndi kubayidwa kambirimbiri. Amuna awiri adapezeka olakwa m'chaka cha 2009, chaka chomwenso anthu a m'deralo adayenda ulendo woyamba wa Ekurhuleni Pride. M'mwezi wa Epulo 2011 Noxolo Nogwaza, mayi wa zaka 24 yemwe anali m'komiti yokonza ulendowo, adaphedwa mwankhanza m'mudzi womwewo.

Aliyense wowerenga nthano zoopsa za okondana okhaokha kuchokera ku South Africa ayenera kuziwerenga akukumbukira maliro amenewa. Kwa mtsikana wobwerera kwawo usiku ku KwaThema, choopsa sichinali mzukwa kapena tokoloshi. Anali amuna a m'dera lake lomwe.

Kuchoka m'bokosi kulowa m'buku

Bungwe la GALA, lomwe lidayamba m'chaka cha 1997 pa yunivesite ya Witwatersrand kuti lizisunga mbiri ya okondana okhaokha, lidatcha nthambi yake yosindikiza mabuku kuti MaThoko's Books. M'chaka cha 2013 nthambiyi idatulutsa Queer Africa, buku la nthano zazifupi losonkhanitsidwa ndi Karen Martin ndi Makhosazana Xaba, lomwe lidapata mphoto ya Lambda mu 2014. Lachiwiri lake lidatuluka mu 2017. Dzina limene linkalandira makalata a osowa pogwira lidayamba tsopano kutumiza mawu awo ku dziko lonse.

Nthano zambiri za m'bukuli zimasimba moyo monga uliri, koma mulinso gawo lotengedwa m'buku la K. Sello Duiker lotchedwa Thirteen Cents, la m'chaka cha 2000. Mpangankhani wake ndi Azure, mwana wamasiye wakuda koma wa maso abuluu, wogona m'misewu ya Cape Town. Anthu amawaona masowo ngati malodza. Mwanayu amagulitsa thupi lake kwa amuna olemera kuti adye, ndipo mkulu wa zigawenga, Gerald, amadziyerekeza ndi chilombo cha makedzana chotchedwa T-rex. Azure akakwera phiri la Table Mountain, maloto ndi zoona zimasakanikirana, mpaka madzi ndi moto zimawononga mzindawo. Bukuli silinena kuti Azure ndi wokonda amuna anzake, popeza iye ndi mwana wozunzidwa. Chimene Duiker adachita ndicho kusamutsa uchilombo, kuuchotsa pa thupi looneka lachilendo n'kuuika pa akuluakulu odya mwanayo.

M'chaka cha 2001 Duiker adatulutsa The Quiet Violence of Dreams, momwe Tshepo amadutsa m'chipatala cha amisala ndi m'masomphenya asanavomereze chikondi chake pa amuna anzake. Mlembiyu adamwalira mu Januwale 2005. Buku lake lomaliza, The Hidden Star, lidatuluka mu 2006, ndipo limasimba za Nolitye, mtsikana wa zaka 11 wotola mwala wamatsenga m'mudzi wa zisakasa wotchedwa Phola, dzina lokumbutsa Phola Park wa ku Thokoza mu Ekurhuleni momwemo. Si buku la okondana okhaokha, koma lidatsimikiza kuti afiti ndi agalu oyankhula akhoza kuyenda m'misewu yafumbi ya masiku ano.

Njira imeneyi yapondedwanso kwina. Freshwater, buku la Akwaeke Emezi la mu 2018, limasimba za Ada, munthu wokhalamo mizimu ingapo imene Aigbo amaitcha ogbanje, ndipo lidapata mphoto ya Nommo mu 2019. Vagabonds! la Eloghosa Osunde, la mu 2022, limadzaza mzinda wa Lagos ndi mizimu yoyenda pakati pa anthu amene lamulo la Nigeria la 2014 lidawasandutsa apandu.

Maganizo a owerenga

Mabuku otere amautsa maganizo a mitundu itatu. Oyamba ndi oti matsenga n'kuthawa nkhondo: pamene anthu akuikidwa m'manda, chofunika ndi umboni, monga zithunzi za Faces and Phases zomwe Zanele Muholi adayamba kujambula mu 2006. Achiwiri amayankha kuti nkhani zosimba zoona zokhazokha zimazolowetsa owerenga kuona mkazi wokonda mkazi mnzake ngati mtembo basi, pamene nthano yamatsenga imamulola kupulumuka, kubwezera, ngakhale kukalamba.

Maganizo achitatu ndi chenjezo. M'madera momwe kunamiziridwa ufiti kumaphetsa nkhalamba, monga zimachitikira ku Malawi, kulumikiza okondana okhaokha ndi mizimu kukhoza kunola mpeni womwe mlembi amafuna kuuthyola. Komanso zimene ogulitsa mabuku amazitcha zopeka, kwa anthu ambiri n'chikhulupiriro. Nkunzi Zandile Nkabinde, sing'anga wa ku Soweto, adalemba mbiri ya moyo wake mu 2008 m'buku la Black Bull, Ancestors and Me, momwe adafotokoza kukonda kwake akazi kudzera mwa mzimu wa kholo lake lachimuna. Kwa iye imeneyo sinali nthano. Choncho muyeso wabwino wa buku lotere si kuchuluka kwa mizukwa yake, koma funso ili: wowerenga akalitseka, akuopa ndani?

Mawu omaliza

Funsoli likukhudza Amalawi. M'mwezi wa Meyi 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adagamulidwa kukakhala kundende zaka 14 atachita chinkhoswe, kenako Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidakana kuthetsa malamulo oletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha. Stanley Onjezani Kenani adaukhudza mutuwu mu "Love on Trial", nthano yomwe idafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Caine mu 2012, ndipo Shadreck Chikoti adatsegula khomo la nthano za m'tsogolo ndi Azotus the Kingdom mu 2015. Onsewa adalemba m'Chingerezi.

Chichewa chili ndi ndondocha, ziwanda ndi afisi ovala khungu la munthu, zida zokwanira nthano yoopsa iliyonse. Mlembi wozitola adzayenera kusankha amene amuveke khungu la chilombo. Mbiri ya KwaThema yaonetsa kuti kusankhako kuli ndi zotsatira: m'mudzi umodzi womwewo, MaThoko adaona ana ofunika pogona, pamene opha Eudy Simelane adaona chinthu choyenera kuchotsedwa.