Mukafufuta gulu, chimapita n'chiyani?

Ambirife tikamva mawu oti "gulu" timaganiza za gulu la pa WhatsApp: mayina angapo, macheza, zithunzi za ukwati ndi uthenga wa maliro. Wina akalitseka, zithunzi zija zimatsalabe m'mafoni mwa anthu. Munthu wozolowera zimenezi akapatsidwa udindo woyang'anira Microsoft 365 kuofesi amafika ndi tanthauzo lolakwika, ndipo tanthauzolo likhoza kutayitsa anzake ntchito ya zaka zingapo.

Ku Microsoft 365 gulu ndi mzati wa nyumba. Mukalipanga silibwera lokha. Limabwera ndi bokosi la makalata ndi kalendala za pa Exchange, malo osungira mafayilo a pa SharePoint, buku la OneNote ndi ndandanda ya ntchito ya pa Planner. Teams, yomwe inatuluka mu 2017, imatsamira pa mzati womwewu, chifukwa timu iliyonse ili ndi gulu pansi pake. Akatswiri amatchula zonsezi kuti resources, koma ife tingoti katundu wa gulu. Katunduyu sakhala m'kompyuta yanu. Ali mu cloud, omwe ena amati mtambo, ngakhale mtambo wake ndi wa simenti ndi mawaya: nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta a kampaniyo. Mukazula mzati, denga limagwa ndi zonse zopachikidwa pamenepo.

Njira imodzi yofufutira gulu ndi command line, windo lopanda mabatani kapena zithunzi, momwe munthu amalemba lamulo n'kudina Enter. Chida chimodzi chotere ndi CLI for Microsoft 365, chimene chimakonzedwa ndi anthu odzipereka a PnP. Lamulo lake lofufutira gulu limayamba ndi m365 entra m365group remove. Liwu loti entra lili ndi mbiri yake. Kaundula wa anthu ndi magulu ankatchedwa Azure Active Directory mpaka mu 2023 pomwe anam'sintha dzina kukhala Microsoft Entra ID, n'chifukwa chake malangizo akale amalemba aad pamalo pomwepo.

Liwu londidetsa nkhawa ndi remove. Pa Chichewa tinganene kuti kuchotsa, monga kuchotsa mbale patebulo, zomwe umadziwa kuti ukazipeza kukhitchini. Liwuli ndi lofatsa kuposa ntchito yake. Chimene chikuchitika ndi kufufuta, ndipo kufufutako kuli pawiri. Koyamba amakutcha soft delete: gulu limazimiririka pamaso pa anthu, koma lili kudzala, ndipo kwa masiku 30 woyang'anira angathe kukalitola n'kulibwezeretsa pamodzi ndi katundu wake. Masikuwo akatha, dzala limatenthedwa. Chosokoneza n'choti katunduyo sapsa tsiku limodzi. Malo a SharePoint amasungidwa masiku 93, kotero wobwera kudzadandaula pakatha miyezi iwiri akhoza kupulumutsa mafayilo, koma makalata a gululo awaiwale.

Palinso nkhani ya dzina. Magulu awiri akhoza kukhala ndi dzina lofanana, monga m'kalasi mumakhalira a Chikondi awiri. Kompyuta imawasiyanitsa ndi id, chingwe cha manambala ndi zilembo 32 chogawidwa ndi timizere tinayi, chimene palibe munthu angachiloweze pamtima. Ndinaonapo mnzanga wina akuyeretsa magulu akale Lachisanu madzulo. Anali ndi ndandanda yake pa Excel, magulu awiri otchedwa "Zachuma" atatsatana, lina lakale lina logwira ntchito. Diso linatsika mzere umodzi, dzanja linakopera id ya m'munsi. Chidacho chinafunsa ngati akutsimikiza, iye n'kuvomera, pakuti chinam'sonyeza chingwe cha manambala chomwe sichinkamuuza kanthu. Lolemba m'mawa a kuofesi ya ndalama anatsegula Teams n'kupeza timu yawo kulibe. Gululo linabwezeretsedwa tsiku lomwelo, koma mnzangayo thukuta anatuluka.

Chinam'pulumutsa n'choti sanawonjezere liwu limodzi pa lamulo lija. Mawu owonjezerawa amawatcha ma option, ndipo amayamba ndi timizere tiwiri. Pali --force, lomwe limauza chidacho kuti chisafunse funso lotsimikizira. Lili ndi ntchito yake, chifukwa script (malamulo olemberatu oyenda okha) yofufuta magulu ambiri usiku singadikire munthu woti aziyankha nthawi iliyonse. Ndiye pali --skipRecycleBin, lomwe limalumpha dzala n'kuponya gulu pamoto nthawi yomweyo. Uku ndiko kufufuta kwachiwiri kuja, komwe akatswiri amati hard delete. Mawu awiriwa akakumana pamzere umodzi, palibe chofunsa ndipo palibe masiku 30. Ine ndimaona kuti lachiwirili munthu azilemba pokhapokha wina atam'lamula polemba, osati pongofuna kuti pakhale poyera.

Ogwiritsa ntchito PowerShell, chida china cholemberamo malamulo, ali ndi lamulo lawo, Remove-UnifiedGroup, lomwe lili ndi kaliwu kabwino, -WhatIf. Kamangonena zomwe zikanachitika, osakhudza kalikonse.

Liwu lina lomwe anthu amalisokoneza ndi kufufuta ndi archive. Timu ya pa Teams ikaikidwa mu archive imakhala ngati chipinda chokhoma chokhala ndi zenera: a m'gululo amatha kuwerenga zakale koma sangalembemo zatsopano, ndipo ikafunika imatsegulidwanso. Bwana akanena kuti "tichotse gulu la pulojekiti ija, inatha," nthawi zambiri amatanthauza chimenechi. Akufuna lisamamuonekere pamndandanda, osati malipoti a pulojekitiyo apse.

Choncho inu amene mwapatsidwa makiyi, wina akakuuzani kuti muchotse gulu, m'funseni kaye kuti pa makalata, mafayilo ndi macheza a pa Teams, n'chiti chimene akulolera kusachionanso. Akadodoma, musadine Enter.