Zojambula za m'mapanga: mbiri yolembedwa ndi zala

Munthu akakwera basi pa Madzimoyo kulowera ku Katete, amangoona minda ya chimanga ndi mapiri amiyala m'mbali mwa msewu wa Great East. Ochepa ndi amene amadziwa kuti m'mapanga a mapiri a kuno kummawa kwa Zambia muli zithunzi zimene zinajambulidwa kalekale, kusanabwere dzina la Fort Jameson kapena la Chipata.

Mapanga odziwika bwino ndi Thandwe, Mkoma, Makwe ndi Kalemba wa ku Chadiza. Katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba ena mwa malowa, ndipo mu 1976 anatulutsa buku lofotokoza zimene anapeza. Zida zamiyala za ku Kalemba zinasonyeza kuti anthu anayamba kukhala m'phangamo zaka zoposa 30,000 zapitazo.

Zithunzi zakale kwambiri ndi zofiira: mizere, zozungulira, ndi zina zonga makwerero. Zimenezi amati anajambula ndi Akafula, alenje aafupi msinkhu amene agogo athu ankawatcha Amwandionerakuti. Utoto wawo unali wa mwala wofiira wopera, ndipo unamwerera m'thanthwe kotero kuti mvula ya zaka mazanamazana yalephera kuufafaniza.

Pamwamba pa zofiirazo pamapezeka zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera. Izi n'za Achewa. Zina ndi zolengedwa zotambasula miyendo ngati buluzi, zimene anamkungwi ankaphunzitsira atsikana pa chinamwali. Zina ndi zilombo za Nyau. Akatswiri amagwirizanitsa zithunzi za zilombozi ndi nthawi yovuta imene gule ankaponderezedwa: Angoni a Mpezeni atakhazikika m'dera lino, kenako atsamunda atagonjetsa Angoniwo mu 1898, ndiponso amishoni atayamba ntchito ku Magwero mu 1899, asanafike ku Madzimoyo. Pamene kunali kovuta kuvina poyera, phanga linasunga mwambo.

Malire a mayiko anadula pakati chuma chimenechi. Tsidya lina, ku Chongoni m'boma la Dedza ku Malawi, kuli malo 127 a zojambula zamtundu womwewu, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, chaka chimodzi litalemekeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, kumene alendo amaonako nkhope za gule mazanamazana. Kwathu kuno tili ndi nyumba ya Nsingo ku Feni, yosunga mbiri ya Angoni.

Anzathu a ku Spain anaphunzira movutikira kuti chithunzi cha pathanthwe chimafa. Phanga la Altamira, pafupi ndi doko la Santander, linayamba kuwonongeka ndi mpweya wa alendo ochuluka, mpaka anamanga lina lofanana nalo, limene linatsegulidwa mu 2001, kuti lenilenilo lipume. Adani a mapanga athu ndi ena: utsi wa moto wa osaka mbewa, makala a anyamata olemba mayina awo, ndi madzi amene ena amawaza kuti chithunzi chioneke bwino pa foni.

Lamulo linapereka udindo woteteza malowa ku National Heritage Conservation Commission, koma mlonda weniweni ndi mfumu ya mudzi, mphunzitsi ndi kholo. Chaka chilichonse mu February timakhamukira ku Mtenguleni kukaonera Nc'wala. Tikanapatulako tsiku limodzi lokha n'kupita ndi ana ku Thandwe kapena ku Mkoma, agogo n'kuwalozera buluzi woyera uja ndi kuwauza kuti anajambula ndi amayi a mtundu wawo, mwana amene wamva zimenezo sangatolenso khala n'kulemba dzina lake pamenepo.