Chithunzi cha Leonardo ndi Makina a ku Groningen

Nkhaniyi ikhudza ziwalo zimene mwa mwambo sizitchulidwa pagulu, choncho omvera akhululuke, pakuti ndi nkhani ya maphunziro.

Cha m'ma 1493, Leonardo da Vinci, mmisiri wa ku Italy, anajambula mwamuna ndi mkazi ali malo amodzi, matupi awo atang'ambidwa pakati kuti zam'kati zioneke. Chithunzicho chisungidwa ku Windsor Castle ku England. Mmisiriyu anali ndi diso lakuthwa koposa, koma pa pepala ili anajambula zimene anawerenga m'mabuku a Agiriki akale. Iwo ankaphunzitsa kuti mbewu ya mwamuna imachokera ku ubongo nitsikira mu msana, ndipo Leonardo anaikadi mtsempha wochokera ku msana. Anaikanso wina wochokera ku chiberekero kufika ku bere, poti kunkanenedwa kuti magazi a mwezi ndiwo amasanduka mkaka mayi akaima. Mitsempha iwiriyi kulibe, ndipo ong'amba mitembo anatsimikiza zimenezi kalekale.

Komatu mtembo sungaonetse zochitika m'thupi lamoyo. Funso la maonekedwe linakhala choncho zaka mazana asanu. Leonardo anajambula chiwalo cha mwamuna chili chowongoka. Mu 1933 dokotala wa ku America, Robert Dickinson, anati chimakhota ngati chilembo cha S.

Mu 1991 akatswiri a ku Groningen, m'dziko la Netherlands, anayamba kuyesa ndi makina a MRI, amene amajambula zam'kati mwa thupi ndi mphamvu ya maginito popanda kucheka munthu. Ntchitoyi inali yovuta. Mphako ya makinawo inali yopanikiza, ndipo amuna ambiri odzipereka analephera, kufikira mankhwala a Viagra atafika mu 1998. Amuna ndi akazi awiriawiri okwana magulu 8, ndi akazi ena 3 paokha, ndiwo anajambulidwa.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu British Medical Journal mu 1999. Leonardo ndi Dickinson onse anaphonya: chiwalocho chimapindika pamodzi pokha, ngati chigongono, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu ndi muzu wobisika m'thupi. Ngakhale Masters ndi Johnson, amene mu 1966 anati chiberekero chimakula pa nthawiyo, anatsutsidwa. Iwo anayeza ndi manja, pamene makina sanaone kukula kulikonse.

Mu 2000 akatswiriwo analandira Ig Nobel, mphotho yoperekedwa kwa ofufuza zimene poyamba zimaseketsa anthu.