Nyenyezi ya Vela: Zomwe Kufulumira Kwake Kwadzidzidzi Kumaulula

Madzulo a miyezi ya Malichi ndi Epulo, kukakhala kopanda mitambo, munthu woima pa phiri la Kanjala mu Chipata n'kuyang'ana kum'mwera amaona gulu la nyenyezi lotchedwa Vela. M'gululi muli nyenyezi ina yosaoneka ndi maso, ya mtundu wa pulsar, yomwe idapezeka mu 1968.

Pulsar ndi chotsalira cha nyenyezi yaikulu yomwe idaphulika. M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 20, ngati mtunda wochokera mu Chipata kukafika ku malire a Mwami, koma kulemera kwake kumaposa kwa dzuwa. Ya ku Vela imazungulira ka 11 pa sekondi iliyonse, ndipo mafunde a wailesi ochokera kumeneko amafika kuno motsatana ngati kugunda kwa mtima.

Liwiro la nyenyezi zotere limachepa pang'onopang'ono. Koma mu 1969, akatswiri a ku Australia ndi ku America adaona kuti liwiro la Vela lakwera mwadzidzidzi. Kuyambira pamenepo, izi zakhala zikuchitika pa zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Malo ofufuzira zakuthambo a Hartebeesthoek ku South Africa adayamba kuyang'anira nyenyeziyi m'zaka za m'ma 1980.

Chifukwa chake chimamveka ndi dzira losaphika. Munthu akalizunguza, n'kuligwira pang'ono kenaka n'kulisiya, limayambanso kuzungulira, poti zam'kati mwake zinali zisanaime. Akatswiri akuti pansi pa chikhungwa cholimba cha nyenyeziyi pali tinthu totchedwa neutron toyenda ngati madzi opanda chowakhulitsa. Chikhungwa chikamachepetsa liwiro, madziwo amatsala akuthamangabe, kufikira tsiku lomwe amapatsira mphamvu yawo ku chikhungwacho nthawi imodzi. Ganizoli adalifotokoza Philip Anderson ndi Naoki Itoh mu 1975.

Pa 12 Disembala 2016, akatswiri a ku Tasmania adajambula kusinthaku pamene kunkachitika, ndipo kudapezeka kuti kudatenga masekondi osafika 13.

Palibe makina padziko lapansi omwe angapanikize zinthu mpaka kulemera chotere, motero kusintha kwa liwiroku ndi imodzi mwa njira zochepa zodziwira zam'kati mwa nyenyezi zimenezi. Dziko la Zambia ndi limodzi mwa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array, yomwe mwa zolinga zake ndi kufufuza ma pulsar.